Mbiri ya Nyengo Yobisika m'Matope a Pansi pa Nyanja

Tikafuna kudziŵa za mvula ya zaka zapitazo timafunsa akuluakulu. Iwo amatiuza za chilala chimene chidadzetsa njala ya 1949, ndiponso za zaka zimene mitsinje idasefukira. Koma munthu amakumbuka zokhazo zimene adaona ndi zimene adamva kwa makolo ake. Ngakhale mabuku a anthu opima nyengo, amene amalemba za mvula ndi kutentha tsiku ndi tsiku, m'maiko ambiri sapitirira zaka 200. Nanga tsono akatswiri a sayansi amadziŵa bwanji kuti zaka 20,000 zapitazo dziko lapansi lidali lozizira kwambiri kuposa lero? Yankho lake lagona m'matope a pansi pa nyanja zikuluzikulu za mchere.

Tizilombo tomanga zigoba

M'nyanja za mchere, monga ya Atlantic, ya Pacific ndi ya India, mumakhala tizilombo ting'onoting'ono totchedwa foraminifera. Kukula kwa tambiri mwa ito sikuposa kambeu ka mchenga. Monga imachitira nkhono, kachilombo kotere kamadzimangira chigoba cha laimu, ndipo zomangira zake kamazitenga m'madzi momwe kakukhalamo. Tizilombo tina timayandama pamwamba pa madzi, pamene tina timakhala pansi penipeni. Kachilombo kakafa, chigoba chake chimatsala, ndipo chimakagona m'matope a pansi pa nyanja.

Zimenezi zakhala zikuchitika kwa zaka mamiliyoni ambiri. Taganizani za dzala la kuseri kwa nyumba. Phulusa lotayidwa dzulo lili pamwamba, la chaka chatha lili pansi pake, ndipo la zaka zakale lili pansi kwambiri. Munthu atakumba dzalalo mosamala angathe kudziŵa zimene banjalo linkadya kalekale. Matope a m'nyanja amasanjikizana chimodzimodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti dzala limadzaza msanga, pamene m'malo ambiri a pakati pa nyanja matope amakwera masentimita 2 kapena 3 okha pa zaka 1,000. Motero matope otalika ngati rula yanu ya masentimita 30 angathe kusunga mbiri ya zaka 10,000.

Kuti matopeŵa atuluke osasokonezeka pamafunika luso. M'chaka cha 1947 katswiri wa ku Sweden, Börje Kullenberg, adagwiritsa ntchito paipi yachitsulo imene adaikonza kuti iziloŵa m'matope ndi kutuluka nawo ali m'ndondomeko yake, otalika mamita oposa 10. Pambuyo pake padabwera zombo zokhala ndi makina oboola. Chombo cha Glomar Challenger chidayamba ntchitoyi mu 1968, ndipo cha JOIDES Resolution chidaigwira kuyambira 1985 mpaka 2024. Matope akatuluka amaŵang'amba pakati m'litali monga timang'ambira nsungwi. Mbali imodzi amaisunga, ina amaipima. Amatapa pang'ono, natsuka m'sefa, kenaka amatola tizigoba kamodzikamodzi ndi kaburashi, akuyang'ana pa maikulosikopu. Paja akulu adati kuona maso a nkhono nkudekha.

Okosijeni wopepuka ndi wolemera

Kodi kachigoba kangatiuze chiyani za nyengo? Kuti timvetse, tiyambe taona mmene madzi adapangidwira. Chinthu chilichonse chidapangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso totchedwa maatomu. M'madzi muli maatomu a haidrojeni ndi a okosijeni. Koma maatomu a okosijeni sali onse olingana kulemera. Ambiri ndi opepuka, ndipo amatchedwa okosijeni 16. Ena oŵerengeka ndi olemererapo, ndipo amatchedwa okosijeni 18. Pa maatomu 500 a okosijeni, pafupifupi imodzi yokha ndiyo yolemera chotere. Maatomu a mtundu umodzi koma osiyana kulemera ngati ameneŵa amatchedwa maisotopu.

Amayi akamapeta mphale m'lichero, gaga amauluka chifukwa ndi wopepuka, mphale nitsala. Dzuŵa nalonso limapeta madzi a m'nyanja. Likaomba, madzi okhala ndi okosijeni wopepuka ndiwo amakwera mosavuta ngati nthunzi. Mitambo ikamayenda kuloŵera ku maiko ozizira, madzi olemera amene adakwera nawo amayamba ndiwo kugwa ngati mvula. Ofika kutali kumpoto amakhala opepuka koposa, ndipo amagwa ngati chipale chofeŵa, ndiye kuti madzi oundana ogwa kuchokera kumwamba ali mbuu ngati ufa.

M'nyengo yofunda chipale chimenechi chimasungunuka, madzi ake nabwerera m'nyanja kudzera m'mitsinje. Koma dziko likazizira kwa zaka zikwi zambiri chipalecho sichisungunuka ai. Chimaunjikana pamtunda mpaka kusanduka mapiri a ayezi. Pamenepo okosijeni wopepuka amakhala watsekeredwa kumtunda, ndipo m'nyanja mumachuluka wolemera. Tizilombo tija tikamamanga zigoba m'nyengo yotere, zigobazo zimakhala ndi okosijeni wolemera wochulukirapo. Kuonjezera apo, madzi akazizira chigoba chimatenga okosijeni wolemera wambiri kusiyana ndi pamene madzi ali ofunda. Kusiyana kumeneku ndi kochepa zedi, koma alipo makina opima kulemera kwa maatomu amene amakuzindikira.

Amene adayamba kuganizira njira imeneyi ndi Harold Urey wa pa Yunivesite ya Chicago ku America, mu 1947. Mu 1955 Cesare Emiliani, mbadwa ya ku Italy, adapima tizigoba ta m'matope a m'nyanja kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kale anthu ophunzira ankakhulupirira kuti nyengo za ayezi zaposachedwa zidalipo zinayi zokha, koma iye adapeza kuti dziko lidazizira ndi kufundanso kambirimbiri. Emiliani ankayesa kuti tizigobato tikusimba makamaka za kutentha kwa madzi. Mu 1967 Nicholas Shackleton wa ku Cambridge ku England adapima tizilombo ta pansi penipeni, kumene madzi amakhala ozizira nthaŵi zonse, ndipo adaona kuti zigoba zake nazonso zidasintha mofanana. Adazindikira tsono kuti gawo lalikulu la kusinthako lidadza chifukwa cha kuchuluka ndi kuchepa kwa ayezi pamtunda. Umu ndimo sayansi imakulira: wina amayamba, mnzake nakonza pamene padapotoka.

Zimene matope adaulula

Lero tikudziŵa kuti pa zaka 800,000 zapitazi padali nyengo zikuluzikulu za ayezi pafupifupi 8. Yomaliza idafika pachimake zaka 20,000 zapitazo. Nthaŵi imeneyo ayezi adakuta dziko la Canada ndi kumpoto kwa Ulaya, ndipo m'malo ena adali wochindikala makilomita 3. Madzi ochuluka adatsekeredwa pamtunda kotero kuti nyanja za mchere zidatsika ndi mamita pafupifupi 120. Munthu akadatha kuyenda pansi kuchokera ku France kukafika ku England.

Kodi chimene chinkabweretsa nyengo zimenezi mobwerezabwereza ndi chiyani? Katswiri wa masamu wa ku Serbia, Milutin Milankovitch, adaŵerengera kuti kayendedwe ka dziko lapansi pozungulira dzuŵa kamasintha pang'onopang'ono. Njira imene dziko limadzera imatalikirapo ndi kubwereranso pa zaka pafupifupi 100,000. Kupendekeka kwa dziko kumasintha pa zaka 41,000. Ndiponso dziko limagwedera monga imachitira nguli ikamatha mphamvu, ndipo zotsatira za kugwederako zimabwereza pa zaka pafupifupi 23,000. Zonsezi zimasintha kuchuluka kwa dzuŵa limene maiko a kumpoto amalandira m'chilimwe chawo. Ambiri adakayika mau ake, ndipo iye adamwalira mu 1958 umboni wokwanira usanapezeke. Koma mu 1976 akatswiri atatu, James Hays, John Imbrie ndi Shackleton yemwe uja, adapima matope a kumwera kwa nyanja ya India, napezamo ziŵerengero zofanana ndi zimene Milankovitch adanena.

Dziko la m'kompyuta

Matope amatiuza zimene zidachitika, koma satiuza bwino chifukwa chake. Apa ndi pamene akatswiri amagwiritsa ntchito chifanizo cha dziko cha m'kompyuta. Amagaŵa nyanja ndi mlengalenga m'timabokosi tambirimbiri. Taganizani za bawo: njere zimachoka m'dzenje lina kupita m'dzenje lina potsata malamulo a maseŵerawo. M'chifanizomo, kutentha, mphepo, mchere ndi madzi zimachoka m'bokosi lina kupita m'bokosi lina potsata malamulo a chilengedwe olembedwa m'masamu. Chifanizo choyamba chophatikiza nyanja ndi mlengalenga chidapangidwa ku America mu 1969 ndi Syukuro Manabe ndi Kirk Bryan. Mu 2021 Manabe adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito yake pa zifanizo za nyengo.

Koma tingadziŵe bwanji kuti chifanizo chikunena zoona? Mphunzitsi amayesa wophunzira ndi funso limene yankho lake akulidziŵa kale. Akatswiri nawonso amauza kompyuta mmene ayezi, dzuŵa ndi mpweya zidaliri zaka 20,000 zapitazo, naifunsa kuti iŵerengere kuzizira kwa nyanja. Kenaka amafanizira yankho lake ndi umboni wa tizigoba. Zikasiyana amabwerera kukafufuza pamene alakwitsa.

Mayeso otere adaonetsa kuti kusintha kwa kayendedwe ka dziko pakokha sikukadatha kuziziritsa dziko lonse chotere. Padafunikanso kuchepa kwa mpweya wa kabonidayokisaidi, umene umasunga kutentha m'mlengalenga monga bulangeti. Mpweya wakale wotsekeredwa m'ayezi wa ku Antarctica umasonyeza kuti m'nyengo za ayezi kabonidayokisaidi adali timagawo pafupifupi 180 pa 1,000,000, ndipo m'nyengo zofunda ankafika pa 280.

Umboni wa kwathu kuno

Njira yoboola matope idagwiranso ntchito m'dziko lathu. Mu 2005 akatswiri adaika makina oboola pa chombo cha Viphya, natulutsa matope a pansi pa Nyanja ya Malaŵi osunga mbiri ya zaka zoposa 1,000,000. Popeza nyanja yathu si yamchere, iwo adadalira zotsalira zina, monga mungu wa zomera ndi tizomera ta m'madzi. Adapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kudagwa zilala zoopsa. Nyanja imene lero ndi yozama mamita pafupifupi 700 idaphwera ndi mamita oposa 500. Choncho nyengo ya kwathu kuno nayonso idasinthapo kwakukulu.

Lero, chifukwa cha kutentha malasha, petulo ndi dizilo ndiponso kudula nkhalango, kabonidayokisaidi wapitirira timagawo 420 pa 1,000,000, muyeso umene sudafikepo pa zaka 800,000 zonse zija. Nyanja za mchere zikufunda, ndipo zakwera ndi masentimita pafupifupi 20 chiyambire 1900. Ngakhale dziko lathu lili kutali ndi gombe, mbali ina ya mvula yathu imachokera ku nyanja ya India, ndipo namondwe Freddy amene adasakaza Chigawo cha Kumwera mu Malichi 2023 adadzera komweko. Mlimi, msodzi ndi womanga milatho onse afunika kudziŵa mmene nyengo idzakhalire. Chifanizo chimene chakhoza mayeso a nyengo zakale ndicho tingachikhulupirire chikamatichenjeza za mtsogolo.

Mau ofunika kuŵadziŵa

atomu: kachidutswa kakang'ono koposa ka chinthu, kosaoneka ndi maso
maisotopu: maatomu a mtundu umodzi koma osiyana kulemera
maikulosikopu: chipangizo chokuza tinthu ting'onoting'ono kuti tioneke
chipale chofeŵa: madzi oundana ogwa kuchokera m'mitambo m'maiko ozizira
kuphwera: kuchepa kwa madzi m'nyanja kapena m'mtsinje

Mafunso

1. Kodi matope a pansi pa nyanja amafanana bwanji ndi dzala?
2. Chifukwa chiyani okosijeni wolemera amachuluka m'nyanja m'nyengo ya ayezi?
3. Kodi Shackleton adakonza chiyani pa maganizo a Emiliani?
4. Tchulani njira zitatu zimene kayendedwe ka dziko lapansi kamasinthira.
5. Kodi akatswiri amayesa bwanji chifanizo cha m'kompyuta?
6. Ngati matope amakwera masentimita 2 pa zaka 1,000, kodi matope a masentimita 50 asunga mbiri ya zaka zingati?
7. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "kuona maso a nkhono nkudekha".

Ntchito

Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu za zaka za chilala ndi za madzi osefukira zimene akuzikumbuka. Lembani zakazo mwa ndondomeko, kuyambira chakale mpaka chaposachedwa, ndipo mudzaŵerengere anzanu m'kalasi.