Zimene mlenje ayenera kudziwa posankha cipangizo copimira mtunda wa nyama

Alenje amene ali ndi cilolezo ca Boma cosakira nyama muno mu Zambia tsopano akhoza kugula kacipangizo kakang'ono kopimira mtunda, kamene pa Cingerezi kachedwa laser rangefinder. Kacipangizoka kauza mlenje kuculuka kwa mamita amene ali pakati pa iye ndi nyama asanaombe mfuti. Zipangizozi zilipo za mitundu yambiri ndiponso za mitengo yosiyana kwambiri, ndipo ogula ambiri amakopeka ndi nambala yaikulu ya mamita imene ilembedwa pa katoni. Koma cimene mlenje ayenera kuyamba kuganizira ndi malo amene asakirako, nyama imene asaka, ndi mtunda umene iye mwini angathe kulasa nyama n'kuipha nthawi yomweyo popanda kuisiya ndi bala.

Cimene lamulo lifuna

Dziko la Zambia lili ndi malo osungirako nyama 20 mmene kusaka n'koletsedwa, ndi madera ena 36 ozungulira malowa ochedwa Game Management Areas mmene kusaka kuloledwa kwa iwo amene ali ndi cilolezo. Limodzi la maderawa ndi Lupande m'boma la Mambwe ku Cigawo ca Kum'mawa, limene lacita malire ndi South Luangwa National Park. Lamulo la nyama zakuthengo la caka ca 2015 linathetsa bungwe la ZAWA, ndipo kuyambira caka ca 2016 nchito yoyang'anira nyama ili m'manja mwa Department of National Parks and Wildlife. Mfuti nayo iyenera kukhala ndi laisensi yake. Cipangizo copimira mtunda sicilowa m'malo mwa zikalata zimenezi.

Cilolezo cichula mtundu wa nyama ndi kuculuka kwake. Pa maulendo a usaki wolipira, nyama imene yalasidwa n'kuthawa ndi bala iwerengedwa monga yaphedwa, ndipo mlenje ailipira ngakhale isapezeke. Vuto lalikulu koposa ligwera anthu a m'midzi. Njati imene yathawa ndi cipolopolo m'thupi ibisala m'mabango ndi m'zitsamba, ndipo ikhoza kupha mayi wopita kukatunga madzi, msodzi, kapena mwana woweta mbuzi amene sadziwa ciliconse ca zimene zinacitika dzulo lake. N'cifukwa cake lamulo lifuna kuti munthu amene walasa nyama yoopsa koma walephera kuipha akanene kwa akuluakulu oyang'anira nyama.

Cifukwa cake maso okha sakwanira

Cipolopolo siciyenda molunjika monga cingwe cokokedwa. Cikangoturuka m'mfuti ciyamba kutsika, ndipo kutsikako kuwonjezeka kwambiri pamene mtunda ukula. Mwacitsanzo, mfuti ya .30-06 imene yakonzedwa kuti izilasa pakati penipeni pa mamita 100, cipolopolo cake colemera magireni 180 citsika ndi masentimita opitirira pang'ono 10 pa mamita 200. Pa mamita 300 cikhala citatsika ndi masentimita apakati pa 40 ndi 50.

Tsono mlenje amene aganiza kuti mphala yaima pa mamita 250 pamene ili pa mamita 300, cipolopolo cake cifika pansi ndi masentimita pafupifupi 20 kusiyana ndi pamene anafuna. Malo amene pali mtima ndi mapapo a mphala ndi aakulu ngati mbale yodyeramo nsima cabe. Kulakwitsa kotere kutanthauza mwendo wothyoka kapena bala la pansi pa cifuwa, nyama n'kupita kukafera kutali patapita masiku. Pa dambo loyera popanda mtengo kapena culu coyerekezera, ndiponso pamene dzuwa laturutsa cifunthira cimene cigwedeza zinthu zonse zakutali, ngakhale mlenje wa zaka zambiri amalakwitsa mamita 50 mosavuta.

Mmene cipangizoci cigwirira nchito

Mlenje akadina batani, cipangizo citumiza kuwala kwa laser kosaoneka ndi maso. Kuwalako kukagunda nyama kapena mtengo, kwina kubwerera m'galasi la cipangizo. Popeza kuwala kuyenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, cipangizo ciwerenga nthawi imene kuwalako kwatenga popita ndi pobwera, ndipo cipeza mtunda. Ngati nyama ili pa mamita 300, ulendo wonsewo utenga magawo awiri okha mwa magawo 1,000,000 a sekondi. Zipangizo zabwino zilakwitsa ndi mita imodzi kapena kuceperapo.

Laser yoyamba inagwira nchito m'caka ca 1960 m'manja mwa Theodore Maiman ku California m'dziko la America. Poyamba zipangizo zopimira mtunda zinali zolemera ndipo zinali za asilikali ndi akatswiri opima malo. M'caka ca 1992 kampani ya Leica ya ku Germany inaturutsa magalasi oonera patali ochedwa Geovid okhala ndi laser mkati mwake, ndipo m'zaka zomwezo za m'ma 1990 kampani ya Bushnell inayamba kugulitsa zipangizo zotsikirapo mtengo kwa anthu wamba. Masiku ano makampani monga Swarovski, Zeiss, Leupold, Nikon, Vortex ndi Sig Sauer nawonso apanga zawo.

Nambala ya pa katoni

Katoni ikalembedwa kuti cipangizo cifika pa mamita 1,500, nambalayo ikamba za cinthu cacikulu conyezimira monga khoma loyera kapena cikwangwani ca pamseu, pa tsiku limene kunja kuli bwino. Cikopa ca nyama sicibweza kuwala kocuruka tero, makamaka cikakhala cakuda monga ca njati. Pa nyama mtunda umatsika kufika pa theka la nambala ya pa katoni, nthawi zina kuceperapo. Makampani okhulupirika alemba manambala atatu, ya cinthu conyezimira, ya mtengo, ndi ya nyama. Mlenje ayenera kuyang'ana nambala yacitatuyi.

Dzuwa la masana, mvula, nkhungu, fumbi ndi utsi zicepetsanso mtunda umene cipangizo cingafike. Nkhani imeneyi ndi yofunika kuno kwathu cifukwa usaki ucitika m'cilimwe, ndipo kuyambira mwezi wa August kufikira October thengo limadzala utsi wa lupsa. Conco n'kwanzeru kusankha cipangizo cimene nambala yake ya pa katoni iposa kawiri kapena katatu mtunda umene mlenje afuna kupima.

Cinanso cofunika ndi kutanuka kwa kuwala, kumene opanga alemba ndi zilembo za mrad. Cipangizo ca 1 mrad kuwala kwake kutanuka ndi masentimita 10 pa mamita 100 alionse. Ca 2 mrad cikhala citatanuka masentimita 60 pofika pa mamita 300, motero cikhoza kugwira citsamba ca pambali m'malo mwa nyama. Nambalayi ikakhala yaing'ono, mpamene cipangizo citha kusankha nyama yaing'ono imene ili patali.

Malo ndiwo alamula

M'cigwa ca Luangwa, pakati pa mitengo ya tsanya ndi zitsamba za m'mbali mwa mitsinje, nyama monga njati, mbawala ndi njiri kawirikawiri ziomberedwa pafupi, mosapitirira mamita 100 kapena 150. Kumeneko cipangizo cofika kutali kwambiri cilibe phindu lalikulu. Cofunika n'cakuti cithe kunyalanyaza udzu ndi tinthambi timene tili patsogolo n'kuwerenga nyama imene yaima kumbuyo kwake. Zipangizo zambiri zili ndi njira ziwiri, ina yopereka mtunda wa cinthu coyamba kugundidwa ndi kuwala, ina yopereka wa cinthu cakumbuyo. Zipangizo za osewera gofu zinapangidwa kuti zizigwira cinthu coyamba, ndiko kuti kambendera ka pa dzenje, ndipo m'thengo zipatsa mlenje mtunda wa tsekera. Munthu asanagule ayenera kufunsa ngati cipangizoco n'ca usaki kapena n'ca gofu.

Ku madambo a Kafue Flats ndi ku Bangweulu, kumene kupezeka lechwe, zinthu n'zosiyana. Malo ndi oyera, pobisala palibe, ndipo nyama sizilola munthu kufika pafupi. Kumeneko mtunda wa mamita 200 kapena kuposerapo si wacilendo, ndipo cipangizo camphamvu cokhala ndi kuwala kosatanuka kwambiri ndico cifunika. Njira yopima mosalekeza, pamene manambala asintha uku munthu akali cigwirire batani, ithandiza kutsimikiza kuti nambala imene yaoneka ndi ya nyama osati ya udzu wa kutsogolo kwake.

M'mapiri monga a Muchinga, mlenje nthawi zina aombera cotsetsereka kapena cokwera. Kutsika kwa cipolopolo kutsatira mtunda wa pansi poyalana, osati kutalika kwa mzere wopendeka wocokera pa diso kufika pa nyama. Nyama imene ili pa mamita 300 pa phiri lopendeka madigiri 30, mtunda wake woombera ndi mamita 260. Wosadziwa zimenezi cipolopolo cake cipita pamwamba. Wosaka m'mapiri ayenera kusankha cipangizo cimene ciwerengera kupendeka kwa malo.

Iwo amene aombera zikwangwani pa mabwalo ophunzirirapo mfuti, makamaka pa mitunda yoposa mamita 500, afunika cipangizo cimene cingamangidwe pa miyendo itatu, cifukwa pa mtunda wotero dzanja lokha silingakhazikike. Zina zili ndi kakompyuta kowerengera kutsika kwa cipolopolo ndipo zilumikizana ndi foni, koma kwa mlenje amene aombera pa mamita 150 zimenezi zingowonjezera mtengo ndi mabatani osokoneza.

Galasi, manambala ndi batire

Zipangizo za diso limodzi zikulitsa cinthu ka 6 kapena ka 7, ndipo zimenezo n'zokwanira. Galasi lokulitsa koposa pamenepo ligwedera m'manja. Magalasi a maso awiri okhala ndi laser, monga olembedwa 8x42 kapena 10x42, aonetsa bwino m'bandakuca ndi madzulo ndipo apulumutsa munthu ku kunyamula zinthu ziwiri, koma ndi olemera ndiponso odula. Zipangizo zing'onozing'ono ziyambira pa madola 100 kapena 200 a ku America, pamene magalasi apamwamba a maso awiri apitirira madola 2,000.

Manambala akuda aoneka bwino masana koma asowa pamene alozedwa pa njati kapena pa mthunzi. Manambala ofiira aoneka bwino kukacita mdima, malinga ngati kuwala kwake kungacepetsedwe kuti kusaphimbe nyama. Wovala magalasi a maso ayenera kuyesa cipangizo atawavala.

Zipangizo zambiri zocokera ku America zimabwera zitaikidwa pa mayadi. Yadi imodzi ndi masentimita 91, motero mayadi 300 ndi mamita 274. Mlenje ayenera kuona cilembo ca Y kapena M pambali pa nambala, ndi kutsimikiza kuti muyezo wa cipangizo ndi womwewo umene anagwiritsa nchito pokonza mfuti yake.

Batire imene ilowa m'zipangizo zambiri ndi ya CR2, imene sipezeka m'tumasitolo twa kumidzi. Wopita ku Mfuwe, Nyimba kapena Lundazi ayenera kunyamula yapadera kucokera ku tauni. Cipangizo colembedwa IPX7 cikhoza kukhala m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30 osaonongeka. Kutentha kwa m'cigwa m'mwezi wa October kumapitirira madigiri 40, conco cipangizo sicifunika kusiyidwa padzuwa m'galimoto. Zipangizo zolembedwa Class 1 siziononga maso zikagwiritsidwa nchito moyenera, komabe n'kosayenera kuziloza kumaso kwa munthu kapena kuyang'anira nazo dzuwa.

Kuyesa musanapite kuthengo

Wogula ayenera kuturuka naco panja cipangizo ndi kuciyesa pa mtunda wodziwika umene wapimidwa ndi tepi, kenaka pa thunthu la mtengo, pa culu, ndi pa ng'ombe yakuda imene ili patali masana dzuwa lili pamutu. Cipangizo cimene cipereka nambala imodzimodzi katatu kotsatizana pa ng'ombe ya pa mamita 400 n'cothandiza koposa cimene cilonjeza mamita 2,000 koma cikhala cete pa nyama. Ayeneranso kufunsa za cikalata ca citsimikizo ndi kumene cipangizo cingakonzedwe cikafa, popeza makampani ena apereka zaka zocepa pa mbali ya magetsi kusiyana ndi pa magalasi.

Cipangizo copimira mtunda sicidziwa mphamvu ya mphepo, sicikonza mfuti yopotoka, ndipo sicikhazika dzanja la munthu amene ali wefuwefu. Mlenje ayenera kuyamba wadziwa pa bwalo lophunzirira mtunda umene iye atha kulasa mbale ya nsima nthawi iliyonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati malire ake ndi mamita 200 ndipo cipangizo caonetsa 280, cimene catsala ndi kukwawa kufika pafupi, kapena kutsitsa mfuti n'kuisiya nyamayo ipite yamoyo.