Kukoka ngolo n'kosavuta, nkhani ili poimitsa

Ngolo yolemera ikakhala yopanda mabuleki imakankha galimoto pamtsetse mpaka dalaivala kulephera kuwongolera. N'chifukwa chake ku Australia lamulo limati ngolo yoposa makilogalamu 750 ikhale ndi mabuleki, ndipo ikaposa 2,000 azimangidwa ndi dalaivala ali pampando wake. Kumeneko komanso ku America, ntchitoyi imagwiridwa ndi brake controller, kabokosi kotumiza magetsi ku mabuleki a ngolo.

Timabokositi tilipo mitundu iwiri. Ka time-delayed n'kotchipa, koma kamatumiza mphamvu yomwe munatchera basi, kaya mwaponda pang'ono kaya mwadzidzidzi. Ka proportional, monga Tekonsha P3 kapena Redarc Tow-Pro Elite, kamamva mmene galimoto ikuchepetsera liwiro n'kumanga ngolo mofanana. Ngati mumakoka pafupipafupi, musaumire, gulani kameneka. Curt Echo ndiye mumangotchera pafoni kudzera pa Bluetooth.

Pa Tekonsha mawaya ndi anayi. Wakuda umapita ku positive ya batire kudzera pa circuit breaker, woyera ku negative, wofiira ku switch ya magetsi a buleki, wabuluu ku soketi ya ngolo kumbuyo. Kabokosiko kakhale pomwe dzanja likufika.

Mukamaliza, yesani pamsewu wopanda anthu pa liwiro la makilomita 40 pa ola, n'kumanga ngolo yokha ndi batani la pamanja. Matayala akakhukhuluzika, chepetsani mphamvu. Ikapanda kugwira, onjezerani. Katundu akasintha, tcheraninso, chifukwa ngolo yopanda kanthu siifanana ndi yodzaza simenti.