Kabudula wa kaki anapita kuti?

October wafika ndipo Lusaka yayamba kupsa. Ikamakwana 10 koloko malata amakhala ayamba kale kulila, ndipo masana kutentha kumapitilila madigili 30 mpaka mvula yoyamba itagwa. Mwezi uno ndiye umaulula zimene timaveka ana athu. Imililani pa Kulima Tower kapena pamsika wa Chawama pa Ciwelu, muyang'ane tunyamata twa zaka 5 mpaka 12 tukupita na amai awo. Ambili mudzawaona mu jezi ya bola yonyezimila, ena mu jinzi yothina, ena mpaka mu juzi ya cisoti ija avala oimba pa TV, thukuta lili cuucuu. Wa kabudula wa thonje na kashati kopepuka ni wocita kufunafuna.

Ine n'nakulila mu Matero m'zaka za m'ma 1970 na 1980, nthawi imene mwana wamwamuna anali kudziwika na maondo otuwa. Conco nikaona vovala va masiku ano nimadzifunsa kuti tinafika bwanji pano. Nkhani yake ni yaitali kupambana mmene ambili aganizila.

Kale kumudzi funso lakuti mnyamata avale ciani m'cilimwe silinali kuvuta munthu. Kamwana kanali kuyenda cabe mmene kanabadwila, mwina na kamkanda m'ciuno. Akasinkhuka anali kumanga nyanda, ija anali kusula ku makungwa a mtengo wa mombo, kapena kacikopa ngati ni m'busa wa ng'ombe kwa Angoni. Nsalu inali cuma ca akuluakulu. Amalonda ocokela kugombe la nyanja anali kubweletsa nsalu yoyela yochedwa melikani, dzina locokela ku America kumene inali kuombedwa isanafike ku Zanzibar, ndipo kunalibe kholo lowononga nsalu yotele pa mwana wokagwila mbewa m'lupsa.

Kabudula anabwela na Boma. Liwu lakuti kaki linacokela ku India, kumene litanthauza mtundu wa fumbi, ndipo asilikali a Britain kumeneko ndiwo anayamba kuvala nsalu imeneyi m'ma 1840. Inawathandiza m'maiko otentha cifukwa ni thonje lolimba ndipo siionetsa dothi msanga. Kuno ku Northern Rhodesia kabudula wa kaki anakhala covala ca apolisi, asilikali na anchito a m'nyumba za azungu. Ku Britain komweko mwambo unali wakuti mnyamata avale kabudula mpaka atafika zaka za kusekondale, ndipo gulu la ma Scout limene Baden-Powell anayambitsa mu 1908 linafalitsa kavalidwe kameneka kulikonse kumene Angelezi anali kulamulila. Masukulu a mishoni na a boma anatengela zomwezo: shati ya manja aafupi, kabudula, basi. Nsapato zinali za amwayi.

Apa pali cinthu cimene tiyenela kucimvetsa, cifukwa n'cimene cikali kutilamulila mpaka lelo. Kwa mzungu kabudula anali wa mwana, kapena wake iye mwini akafuna kupitidwa mphepo. Koma kwa munthu wakuda, mdala wa imvi wokhala na adzukulu anali kuvekedwa kabudula wa nchito n'kumaitanidwa kuti "boy". Conco buluku lalitali linakhala cizindikilo ca ulemu. Kalaliki, mphunzitsi, munthu wobwela ku migodi na sutikesi yake, onse anali kuonetsa kuti ni anthu mwa kubisa maondo. Ise ana tinayamwila maganizo amenewo. Tsiku limene unavala buluku loyamba popita ku Form 1, unali kuyenda monga wagula Cairo Road yonse. Ndiye nikaona bambo wa masiku ano akakamiza mwana wa zaka 4 kuvala jinzi pa October, sinidabwa kwambili. Mumtima mwake akuti mwana wanga asaoneke wovutika.

Kabudula wa nthawi yathu sanali kugulidwa wosokasoka. Amai anali kupita ku Kamwala kukagula mayadi a kaki ku sitolo ya Amwenye, ndipo pakhonde pa sitolo yomweyo panali telala na makina ake a Singer opalasa na phazi. Telala anali kukupima na tepu, koma amai ndiwo anali na mau othela: "Mukulitseko, akula uyu." Kabudula anali kutuluka wofika m'maondo, m'ciuno mwa anthu awili, womangila na lamba kapena cingwe. Caka coyamba unali kusambilamo. Caka caciwili anali kukukwana. Cacitatu matako anali kubooka mabowo awili amene ise tinali kuwacha mawindo, amai n'kuikapo zigamba za mtundu wina, kenako n'kupatsila mng'ono wako. Tinali kusekana, inde, koma kunena zoona covala cimene cija cinali kugwilizana na dziko lino. Mphepo inali kulowa, thonje linali kumwa thukuta, ndipo ukacapa madzulo na sopo wa mtanda m'mawa wauma.

Pambuyo pa ufulu wa mu 1964, a Kaunda anacita cinthu cimene ine nimaciona kuti cinali canzelu pa nkhani ya kutentha. Anasiya tayi na jekete n'kuyamba kuvala safari suit, imene maiko ena mpaka lelo aicha Kaunda suit. Ya manja aafupi inali kupatsa mwamuna ulemu wa suti popanda kumuphika. Matelala a m'makomboni anayamba kusokela ana tumasafari tung'onotung'ono, twa matumba anayi kutsogolo, kabudula wake wofanana mtundu. Ico ndico cinali covala ca Khisimasi, ca ku chalichi na cojambulitsa ku studio. Fufuzani mu album ya ambuye anu, simudzalephela kupeza kamnyamata kataimilila nji pafupi na maluwa a pulasitiki, safari yowauka na nsimbi ya malasha, masokosi oyela, nsapato za Bata zopaka polishi.

Nsalu yambili inali yathu. Kafue Textiles inali kuomba thonje la alimi athu, ndipo kuciyambi kwa ma 1980 ku Kabwe kunatsegulidwa Mulungushi Textiles imene inamangidwa na thandizo la China. Koma mtengo wa kopa utagwa pakati pa ma 1970, zinthu zinayamba kusowa. Amene analiko akumbukila mizele ya pa ZCBC na Mwaiseni, kuima kucokela mbandakuca kuyembekezela sopo, saladi kapena shuga. Boma linali kuletsa katundu wambili wakunja, ndalama zakunja kunalibe, ndipo zovala za m'sitolo zinadula. Mwana wa mu komboni anali na kabudula mmodzi wa kusukulu na wina wakutha wosewelela. Masana a cilimwe shati inali kuvulidwa kuti isungike, tonse pamtunda, kumapazi ma tropicals omangilila na waya kapena kulibiletu, tikuthamangitsa cimpombwa m'fumbi.

Kenako kunabwela salaula. Zovala zakale zocokela kunja sizinayambe dzulo: nthawi ya atsamunda zinali kulowela ku Congo, ndipo anthu a ku migodi anali kuzicha mokambo, dzina la cipata ca malile cili pafupi na Mufulira. Koma cigumula ceniceni cinayamba kumapeto kwa ma 1980, n'kukula pamene boma la a Chiluba linatsegula malonda pambuyo pa 1991. Liwu lakuti salaula ni la Cibemba, kutanthauza kusankha pa mulu. Kum'mawa na ku Malawi amati kaunjika. Mai wina wofufuza za cikhalidwe, Karen Tranberg Hansen, analemba buku lathunthu pa nkhaniyi mu 2000, dzina lake Salaula, ataona mmene mabelo anasinthila kavalidwe ka Lusaka.

Sinili pagulu la anthu onyoza salaula. Inaveka ana amene akanayenda na mawindo kumbuyo. Kwa nthawi yoyamba mai wogulitsa tomato pa Soweto anakwanitsa kugulila mwana wake masikipa atatu, kabudula wa matumba m'mbali na kapusi, zonse pa ndalama imene kale inali ya yadi imodzi ya nsalu. Mwana wa ku Kanyama anayamba kuoneka monga wa ku mayadi. Ico n'cinthu cacikulu, ndipo amene sanavalepo cigamba sangacimvetse.

Koma mtengo wake tinalipila kwina. Mafakitale osoka zovala ku Livingstone na ku Ndola anatseka imodziimodzi. Kafue Textiles inafooka, Mulungushi inaima mu 2007, ndipo thonje la alimi a ku Katete na Petauke linayamba kutuluka m'dziko losaombedwa. Telala wa pakhonde anasanduka wocepetsa na kupinda zovala za m'belo. Cina cimene anthu sakambapo kawilikawili n'cakuti belo silidziwa nyengo yathu. Zovala izi zinasokedwela ana a ku Canada, Britain na maiko ena ozizila, ndipo zimene iwo avala pa cisanu ndizo zimaoneka zodula na zolimba pa mulu. Kholo lofuna cinthu cokhalitsa limatola cokhuthala. Ndiye cifukwa cake mumakumana na kamwana pa City Market katavala juzi ya ubweya yojambula cipale cofewa, dzuwa lili pamutu.

Ma 1990 anasinthanso suti. A Chiluba anabwela na majekete a mabatani mbali ziwili na tayi, safari n'kuyamba kuoneka ya a UNIP. Ana nawonso anatsatila. Pitani ku ukwati uliwonse mwezi uno, muone kamnyamata konyamula mphete: suti ya zidutswa zitatu, nsalu ya polyester, tayi yagulugufe yokanyanga pakhosi, m'holo yofolela malata. Pofika nthawi yodula keke kagona pampando, shati yonyowa monga kagwa m'madzi. Anthu amati kaoneka smart. Ine nimamva cifundo.

Manje mfumu ya cilimwe ni jezi ya bola. Inayamba pang'onopang'ono na ma Arsenal na Manchester United a m'salaula, koma inaphulika pa 12 February 2012 pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast ku Libreville n'kutenga cikho ca Africa. Sabata imeneyo mwana aliyense anafuna yobiliwila ya Katongo kapena Mayuka, ndipo amalonda a ku Kamwala na a m'mbali mwa njila sanagone. Patson Daka atapita ku Leicester City mu 2021, ya buluu nayo inadzaza m'makomboni. Zambili mwa izi ni zatsopano, zocokela ku China, zochipa kupambana shati yosoketsa.

Amai ali na zifukwa zawo zoikondela jezi, ndipo ni zomveka. Siifuna kusita, cinthu cacikulu m'zaka zino za malaiti ozimazima. Ukaicapa iuma mu ola limodzi. Siicucuka msanga. Mwana amaikonda, palibe kulimbana naye m'mawa. Vuto n'lakuti jezi yeniyeni imene avala osewela inaombedwa mwa njila yotulutsa thukuta kunja, pamene yochipa ija ni pulasitiki cabe. Thukuta limakhalila pakhungu, ndipo pakapita masiku mwana amatuluka tuzilonda toyabwa m'khosi, kumsana na m'khwapa. Amai n'kuyamba kuganizila sopo kapena zakudya, osadziwa kuti mlandu uli pa nambala 10 ili kumsana. Ndipo pa nkhani yosasita, samalani mvula ikayandikila. Nchenche ija imaikila mazila pa zovala zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, mphutsi zake n'kulowa m'khungu la mwana, imagonja ku nsimbi yotentha. Jezi ya pulasitiki ukaiika nsimbi yotele isungunuka.

Pali ana ena amene kwa iwo nkhani iyi si ya fashoni. Mwana wacialubino sangavale kabudula na vesiti pa October monga anzake, cifukwa dzuwa limamuwotcha khungu mpaka zilonda zimene pambuyo pake zingasanduke khansa. Iye afunika manja aatali, buluku la thonje lopepuka na cisoti ca mlomo waukulu. Masukulu amene amaumilila kuti mwana aliyense wa pulaimale avale kabudula na shati ya manja aafupi afunika kuganizilapo. Ndipo pokamba za masukulu, kucokela mu 2002 lamulo la boma linati mwana wa pulaimale asabwezedwe cifukwa cosowa yunifomu, koma masukulu ena olipila apita mbali ina: tayi, juzi na jekete ya baji caka conse, monga tili ku London. Mwana wa Grade 2 wapanikizika mu minibasi 13 koloko masana na jekete, cifukwa akaivula angaitaye ndipo amai ake anamuuza mtengo wake.

Nikapita pa salaula masiku ano kukasankhila adzukulu, nimatembenuza covala n'kuwelenga kacikwangwani ka m'khosi kapena m'mbali. Cikalembedwa kuti cotton 100% nimatenga, ngakhale cikhale cosaoneka bwino kwambili. Ogulitsa amaseka, ati "Ba mudala, tengani iyi ya Real Madrid, ndiye yamene bafuna bana." Nimatengako imodzi kuti kunyumba kukhale mtendele, zinazo za thonje. Tumashati twa mabatani twa ana a ku Ulaya twa nyengo yawo yotentha tumapezeka pansi pa mulu, ndipo nthawi zambili tumachipa cifukwa anthu amatuona monga tosalimba.

Matelala nawo sanathele. Sabata ino pitani pa msika wa Kabwata kapena Mtendere, mudzamva makina akulila mpaka usiku. Pokondwelela 24 October masukulu ambili amauza ana kuti abwele atavala za citenge, ndipo tunyamata tumatuluka mu shati ya manja aafupi na kabudula wake, vobiliwila, vofiila, vakuda na va olenji, vokulilako pang'ono cifukwa amai anauza telala kuti akula uyu. Citenge cambili ca pa Kamwala masiku ano n'cocokela kunja, ndipo cina n'cosakaniza na polyester, conco cikhudzeni na dzanja musanalipile. Ca thonje cimakhwinyata mukacifinya, ndipo mukadonthezapo madzi cimamwa pomwepo.