Tsiku lomwe analowa m'chitokosi: momwe banja lingapezere zolembedwa za m'bale womangidwa

M'dera la Mfumu Yaikulu Malemia ndi momwe muli likulu la boma la Nsanje, ndipo pamenepa mpomwe pali polisi yaikulu ya bomali, khoti la majisitireti komanso ndende. Munthu akamangidwa kwa Ndamera, kwa Chimombo kapena m'midzi yoyandikira malire a Marka, ulendo wake kawirikawiri umathera pa boma. Abale amatsatira m'mbuyo pa njinga ya kabaza, chakudya chili m'manja, ndipo funso lomwe amafika nalo pakhomo la polisi ndi lakuti kodi m'bale wawo alipo. Funsoli ndi loyenera, koma lilipo lina lolemera kuposa pamenepo lomwe ambiri salifunsa: kodi analembedwa tsiku liti, nthawi yanji, ndipo pa mlandu wanji?

Kulemera kwa funsoli kukuchokera m'malamulo aakulu a dziko lino. Ndime 42 ikunena kuti womangidwa auzidwe msanga chifukwa chomwe wamangidwira, m'chiyankhulo chomwe akumva. Ku Nsanje izi zikutanthauza kuti ngati munthuyo amamva Chisena chokha, amufotokozere m'Chisena. Ndime yomweyo ikulamula kuti akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ngati maolawo athera nthawi yomwe khoti silikugwira ntchito, akaonekere tsiku loyamba lomwe khoti latsegula. Zikapanda kutero ayenera kumasulidwa. Maola amenewa sawerengedwa pongokumbukira. Amawerengedwa kuchokera pa zomwe zinalembedwa.

Polisi iliyonse imasunga buku la zochitika, lomwe ambiri amangolitchula kuti OB, momwe mumalembedwa madandaulo ndi kumangidwa kwa anthu pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake. Palinso kaundula wa anthu omwe ali m'chitokosi, komanso mndandanda wa katundu yemwe womangidwa analandidwa polowa, monga foni, lamba ndi ndalama. Nkhani ikafika kukhoti imapatsidwa nambala ndi fayilo yake. Majisitireti akalamula kuti munthuyo akadikire mlandu wake kundende, amasaina chikalata cha rimandi chomwe chimasonyeza mlandu ndi tsiku lobwereranso kukhoti, ndipo akundende salandira munthu popanda chikalata cha khoti. Choncho mbiri ya munthu mmodzi imakhala m'maofesi atatu osiyana, ndipo ofesi iliyonse imadziwa gawo lake lokha.

Malire ena a nthawi ali m'lamulo la kazengedwe ka milandu, lomwe linakonzedwanso mu 2010. Pa milandu yozengedwa ndi majisitireti, munthu sayenera kusungidwa kupitirira masiku 30 mlandu wake usanayambe. Pa milandu ikuluikulu monga kupha, kugwiririra ndi kuba moopseza, malire ake ndi masiku 90. Boma litha kupempha khoti kuti liwonjezere masiku, koma osapitirira 30. Apa mpomwe tsiku lolembedwa m'buku limasanduka chida. Loya kapena woyang'ana za ufulu wa akaidi akamapempha kuti munthu atulutsidwe pa belo chifukwa wakhalitsa pa rimandi, majisitireti sagamula potengera kuti mayi wa womangidwayo akukumbukira kuti mwana wake anatengedwa madzi a Shire asanasefukire. Amafuna tsiku lenileni. Milandu yakupha ndiyo imavuta koposa, chifukwa imazengedwa ndi Bwalo Lalikulu, lomwe kwa anthu a ku Nsanje lapafupi lili ku Blantyre, ndipo fayilo ikayamba kuyenda mtunda wotere banja limataya msanga mkondo wa nkhani.

Njira yoyamba yopezera zolembedwazi ndi kufunsa chabe. Ndime 42 ikupatsa womangidwa ufulu wolumikizana ndi kuchezeredwa ndi mkazi kapena mwamuna wake, m'bale, mtsogoleri wa chipembedzo ndi dokotala, kotero kudziwa komwe iye ali si chisomo chomwe wapolisi angapereke kapena kumana mwakufuna kwake. M'bale angapemphe nambala ya nkhaniyo m'buku la OB ndi dzina la wapolisi yemwe akufufuza, n'kuzilemba pa pepala lake. Kwa kalaliki wa khoti angafunse nambala ya mlandu ndi tsiku lomwe udzalowe. Nkoyenera kukumbukira pano kuti belo ya kupolisi ndi yaulere.

Kufunsa kukakanika, pali lamulo lopereka mwayi wopeza uthenga, lomwe limadziwika kuti Access to Information. Nyumba ya Malamulo inalivomereza mu Disembala 2016, mtsogoleri wa dziko analisaina mu 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Muzu wake ndi ndime 37 ya malamulo aakulu, yomwe ikupatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga womwe boma likusunga ngati uthengawo ukufunika kuti agwiritse ntchito ufulu wake. Polisi ndi ndende ndi nthambi za boma, motero lamuloli likuzikhudza. Ambiri amaliona ngati lamulo la atolankhani, mwina poti ndi iwo analimenyera nkhondo zaka zambiri kudzera ku bungwe la MISA Malawi, koma mlimi wa kwa Malemia ali ndi ufulu wofanana ndi wa mtolankhani wa ku Blantyre.

Lamuloli likufuna kuti nthambi iliyonse ikhale ndi mkulu wolandira zopempha za uthenga. Pempho limapita kwa iyeyo, ndipo wosatha kulemba atha kupempha pakamwa kuti mkuluyo amulembere. Yankho liyenera kubwera pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Akakana ayenera kupereka zifukwa, ndipo kungokhala chete mpaka masikuwo kutha kumatengedwa ngati kukana. Wopempha angapemphe nthambi yomweyo kuti iunikenso chigamulo chake, kenaka n'kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, lomwe ndilo likuyang'anira kagwiritsidwe ntchito ka lamuloli, ndipo pomaliza kukhoti.

Kalembedwe ka pempho kali ndi mphamvu yaikulu pa yankho lake. Kalata yonena kuti banja likufuna zonse zokhudza mlandu wa mwana wawo imapatsa ofesi mpata wokana mosavuta, chifukwa lamulo likulola kubisa uthenga womwe ungasokoneze kafukufuku kapena kuika mboni pangozi. Kalata yabwino imatchula dzina la womangidwa, mudzi ndi mfumu yake, tsiku lomwe banja likudziwa kuti anatengedwa, n'kupempha zinthu zowerengeka: tsiku ndi nthawi yomwe analembedwa m'kaundula, mlandu womwe unalembedwa, tsiku lomwe anaonekera kukhoti, ndi komwe akusungidwa tsopano. Zimenezi sizikuulula chinsinsi chilichonse cha kafukufuku. Wopempha asunge kope la kalatayo lodindidwa chidindo cha ofesi ndi tsiku lomwe inalandiridwa, apo ayi sadzatha kusonyeza kuti masiku 15 anatha. Ndi bwinonso kuti womangidwayo asaine kuti walola m'bale wakeyo kumufunsira, popeza lamulo limateteza uthenga wokhudza moyo wa munthu wina.

Chitetezo chimenechi ndicho chikusiyanitsa dziko lino ndi United States, komwe m'maboma ambiri mayina ndi zithunzi za omangidwa zimaikidwa poyera pa intaneti tsiku lomwelo. Kumeneko kunabuka masamba a pa intaneti omwe amakopera zithunzizo n'kumalipiritsa eni ake kuti azichotse, ngakhale anthu omwe khoti silinawapeze olakwa. Kuno kulibe kaundula wotere woti aliyense atsegule, ndipo pa mbali imeneyi sikuti dziko lino latsalira. Kumangidwa si kupezeka wolakwa. Neba wofuna kudziwa ngati mnyamata wofunsira mwana wake anagonapo m'chitokosi sangayembekeze kuti lamuloli limutsegulire buku. Womangidwa akakhala mwana, lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana likuletsa kufalitsa dzina lake.

Vuto lenileni la njira ya kalata ndi nthawi. Masiku 15 ogwira ntchito ndi pafupifupi masabata atatu, pomwe ufulu woonekera kukhoti ukuwerengedwa m'maola. Amene m'bale wake wagona m'chitokosi masiku anayi asadikire yankho la kalata. Apite ku Legal Aid Bureau, nthambi ya boma yothandiza osatha kulipira loya, kapena kwa alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, omwe akhala akulowa m'ndende za dziko lino kuyambira mu 2000 ndipo amathandiza kukonza makhoti okhalira kundende komweko kuti majisitireti aunike nkhani za okhalitsa pa rimandi. Womangidwa ali ndi ufulu wopempha khoti kuti liunike ngati akusungidwa motsatira lamulo. Madandaulo okhudza khalidwe la apolisi ali ndi khomo lawo ku Independent Complaints Commission, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la apolisi la 2010. Pempho lolembedwa limagwira ntchito kwambiri pa nkhani zomwe zatenga miyezi, pomwe munthu wasamutsidwa kuchoka ku Nsanje kupita kundende ina monga Chichiri banja osauzidwa, kapena pomwe wotulutsidwa akufuna umboni wa masiku omwe anasungidwa kuti akasumire chipukuta misozi.

Ena amasokoneza zonsezi ndi chikalata cha polisi chosonyeza kuti munthu alibe mbiri ya milandu, chomwe olemba ntchito ndi maofesi a akazembe amafuna. Chimenecho amapempha ndi mwini wake, amadinda zala n'kulipira, ndipo chimachokera ku likulu la polisi ku Area 30 mumzinda wa Lilongwe.