Khoti likafufuta pempho lanu musanayankhule

Anzanga a ku Ntcheu, kuyambira ku Tsangano mpaka ku Kasinje, ndikufuna mumvetse ichi: khoti likafufuta pempho lanu chifukwa simunafike pa tsiku lake, silinanene kuti mwaluza. Woweruza sanaimve n'komwe nkhani yanu. Mutha kupempha kuti ibwezeretsedwe.

Malamulo a Khoti Lalikulu a 2017 amalolanso woweruza kufufuta mlandu umene wangokhala miyezi 12 popanda chochitika. Kuti ubwerere, mumalembera khoti lomwelo, kuphatikizapo chikalata cholumbira chofotokoza chimene chinakulepheretsani.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, ndipo zimandiwawa. Kungoti “ndinatanganidwa” sikuthandiza. Ngati munagonekedwa m'chipatala, bweretsani buku la kuchipatala. Ngati samani sinakupezeni, nenani zimenezo mosapita m'mbali. Woweruza amafunanso kuona kuti mlandu wanu uli ndi mutu, ndiponso kuti munathamanga mutangomva. Amene wadikira kuti ayambe wakolola amadzivutitsa yekha. Mnzanu wa mlanduyo amadziwitsidwa, ndipo mwina mudzamulipira zimene anawononga pa tsiku limene munajombalo.

Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku Legal Aid Bureau.