Chilonda Chimene Sichichokera ku Mpeni

Mukakhala mu minibasi kuchoka ku Chelstone mpaka ku Kulima Tower, thako likachita dzanzi mumadzisuntha pang'ono osaganiza n'komwe. Manje munthu amene wagonekedwa ndi mankhwala mu theatre sangadzisunthe.

Ine izi ndinazimvetsa ku Katondwe, pa chipatala cha mishoni m'boma la Luangwa, pamene ndinali kudwazika amalume anga ng'ona itawaluma mwendo. Mantha anga onse anali pa mpeni chabe. Koma anesi anandiuza kuti pali mdani winanso. Thupi likatsamira malo amodzi kwa maola angapo, magazi safika bwino pakhungu lopanikizidwa ndi fupa, ndipo khungulo limayamba kufa. Malo oopsa ndi zidendene, m'chiuno, kumunsi kwa msana ndi kunkhongo. Choipa n'chakuti chilondacho chingaonekere patapita masiku 2 kapena 3, aliyense akuti opaleshoni yayenda bwino.

N'chifukwa chake mu theatre amayala zofewa pansi pa mafupa, kukweza zidendene kuti zisagunde tebulo, ndi kuwongola nsalu kuti isapindike kapena kunyowa.

Amalume atatuluka, ntchito inakhala yanga: kuthandiza anesi kuwatembenuza pa maola 2 alionse, ndi kuyang'ana kumsana m'mawa ndi madzulo. Khungu likasintha mtundu, kutentha kapena kuuma, musalisisite. Itanani nesi pomwepo.

Amalume anabwerera kumudzi ndi chipsera cha ng'ona chokha. Inu odwazika, musanapite kukagula chakudya, yambani mwaona zidendene za wodwala wanu.