Mababu a xenon amafuna nyali yakeyake

Eni galimoto ena amachotsa mababu a halogen n'kuika a xenon pofuna kuona bwino usiku. Mababuwa, omwe anayamba kuikidwa pa galimoto za BMW 7 Series mu 1991, alibe kawaya koyaka mkati. Kuwala kwake kumachokera ku mphamvu ya magetsi yodutsa mu mpweya wa xenon, ndipo babu la mawati 35 limawala pafupifupi kawiri kuposa la halogen la mawati 55.

Vuto limadza babuli likaikidwa m'nyali yopangidwira halogen. Kuwala kumamwazika n'kuthobwa m'maso madalaivala ochokera kutsogolo, zomwe zingachititse ngozi. Ku Britain, galimoto zambiri zotere zimalephera mayeso a MOT. Wofuna xenon ayenera kusintha nyali yonse, osati babu lokha, ngakhale kutero n'kodula.